Masaya a Bwampini ndi Nsengwa ya Mayi Nungu

Padangokhala, kalekale, nyama zisadaphunzire kufunsa mlendo kuti wazitengera chiyani. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse, ngakhale chamumtima, poti nthanoyi ndachita kulemba ndipo nkhope zanu sindikuziona.

Padali Bwampini, khoswe wamkulu uja wa matumba m'masaya. Mukamva ndikumutchula kuti "ine" musadabwe. Ndakhala naye m'chikopa chimodzi zaka zambiri, ndipo ndatopa kumuloza chala ngati ndi wina.

Nyama zonse za kwathu tinkamwa pa chitsime chimodzi. Chitsimecho chidali ndi kapitawo wake, wosankhidwa chaka ndi chaka mvula ikatha. Ntchito yake idali yosavuta kuinena: kuona kuti wamkulu wamwa, wamng'ono wamwa, ndipo palibe woponda m'madzi. Kwa zaka zambiri kapitawo adali Mayi Nungu. Ine ndinkawatchula kuti azakhali, chifukwa mayi anga atakodwa pa msampha ine ndili wakhanda, adanditola ndi iwo n'kundilerera muuna mwawo.

Kasankhidwe kake kadali kotere. Wofuna ukapitawo ankatenga nsengwa yopanda kanthu n'kuyenda nayo khomo ndi khomo masiku asanu ndi awiri. Chakudya cha paulendo sankanyamula. Ankadya zokhazo zimene eni khomo amuponyera m'nsengwamo: uyu suku limodzi, uyu kambatata, uyu njere ziwiri za mtedza. Ndipo woponya aliyense ankaponyanso mawu. "Nali suku, koma ana anga akumamwa pomalizira." Wofuna mpando ankatafuna sukulo, mawuwo n'kumezera pomwepo. Zotsala m'nsengwa ankagawira onse tsiku lomaliza.

Azakhali ankakonda kunena kuti, "Wadya zako ndi wako. Ukadya zake, ndiwe wake." Ine ndinkangoti ndi zokamba za akuluakulu.

Tsiku losankha tinkasonkhana pabwalo pamaso pa a Nang'omba, mkulu woweruza za chisankho, ndipo aliyense ankakaima kumbuyo kwa amene wamufuna. Koma tisadaime, tinkayamba taimba nyimbo ya chitsime. Woyambitsa adali kapitawo. Nyimboyo inkanena kuti madzi alibe mwini, ndi kuti womwa patsogolo akumbuke amene ali m'mbuyo. Povomera pake padali liwu limodzi lalitali, lofuna kuti uyasame kukamwa konse mpaka mano am'kati aonekere. Njati ankalikokera pansi, Timba ankalikweza m'mwamba, ife apakatikati n'kudzaza pakatipo. Ngakhale lero ndikalikumbuka ubweya umandiima. Masiku amenewo tidali osauka, koma tinkaimba.

Chaka china a Njiri adandiitanitsa. A Njiri adali mpondamatiki wa kwathu. Adali ndi nkhokwe zitatu za chalimbana, mtedza uja wa njere zikuluzikulu, pamene ife tonse tinkalima kalisere wamng'onong'ono. Chowasowetsa mtendere chidali chimodzi chokha. Ankafuna kumagubuduka m'chitsime dzuwa likatentha, ndipo akangoyandikira, azakhali ankawaimikira minga.

"Iwe Bwampini," adatero a Njiri, "akuti ndiwe wochenjera."

"Amatero ena, bwana."

"Ndikufuna chitsime."

"Tengani nsengwa muyende nayo."

"Ndi njerewere zili kumasozi? Angaime kumbuyo kwanga ndani? Ngakhale akazi anga amaima cham'mbali."

"Ndiye asayende ndinu. Tipeze wa nkhope yosalala ayende, inu mukhale mwini nsengwa."

A Njiri adaseka mpaka mchira kuima. Adandilonjeza dengu la chalimbana chaka chilichonse. Pano ndisaname kuti ndidali ndi njala. Kwa azakhali sindidagonepo ndi njala. Ndinkangofuna kuona ngati nzeru zanga zingagwetse chinthu chimene chidaima kuyambira makolo.

Tidapeza Mbawala, wamawangamawanga, woyenda monyang'wa, m'mutu mopepuka ngati chikho chouma.

"Ndiye pamakomopo ndizikanena chiyani?" adandifunsa Mbawala.

"Usakanene kanthu. Uzikangomwetulira."

"Akandifunsa za madzi?"

"Umwetulire kwambiri. Ikalankhula ndi nsengwa."

Chaka choyamba nsengwa ya Mbawala idatuluka yodzaza chalimbana wa a Njiri, n'kubwerako yopanda kanthu. Ine ndinkatsata pambuyo ndi dengu lowonjezera. Titafika pakhomo la Gwape, mlimi wofatsa amene adali neba wathu, Gwape adatuluka ndi suku m'manja, n'kusuzumira m'nsengwa.

"Nanga ndiponye pati, poti mwadzaza kale?"

"Sungani suku lanu, achimwene," ndidatero ine. "Chaka chino akuponyerani ndi iwo."

Gwape adalandira. Dandaulo limene adakonza kunena adalimeza limodzi ndi mtedza.

Tsiku losankha azakhali adayambitsa nyimbo. Tidavomera, koma liwu lalitali lija lidadukira panjira, poti ena ankatafuna. Azakhali adapambana ndithu, komabe mzere wa Mbawala udatalika moti a Nang'omba adauyang'ana kawiri. Atatero adakhosomola n'kuika lamulo.

"Kuyambira lero nsengwa izituluka yopanda kanthu monga kale. Wofuna mpando asapatse wina aliyense chinthu chochokera kunyumba kwake."

Chaka chachiwiri a Njiri adandiitananso.

"Watha nzeru, iwe."

"Lamulo lanena za nsengwa, bwana. Za masaya silidanenepo."

Ndinkalowa m'nkhokwe ya a Njiri, kulonga chalimbana m'masaya onse awiri, n'kumayenda mauna a mbewa ngati wongocheza. Mbewa zidali zambiri, zosauka, ndipo zosafunsa. Pakhomo lililonse ndinkalavula njere khumi.

"Ziwiri ndi zako. Zotsalazo ukaponye m'nsengwa ya a Mbawala akamadutsa. Uponye anthu akuona, ndipo uombe m'manja."

Mbawala adatuluka ndi nsengwa yopanda kanthu monga mwa lamulo. Isadakwane ndi mphindi idasefukira. Tidachita kulemba aganyu onyamula madengu. Tsiku lomaliza, pogawa zotsala monga mwa mwambo, kudali phwando limene silidaonekepo kwathu. A Nang'omba adazungulira madenguwo, kuwasuzumira uku ndi uku, koma cholakwa sadachipeze. Zonse zidaponyedwa ndi eni makomo, masana, aliyense akuona.

Azakhali adatola njere imodzi n'kuitembenuza.

"Kodi mbewa zidayamba liti kulima chalimbana?"

Adafunsa a Nang'omba, koma maso adali pa ine. Ine ndidapeza chondiyabwa kuphazi.

Chaka chimenecho ovomera nyimbo adali theka. Njati adayamba bwino, koma ataona kuti anzake ali duu, adalekera pakati. Azakhali adapambana ndi mitu isanu yokha. A Nang'omba adaikanso lamulo lina.

"Woponya m'nsengwa aziponya cholima yekha, ndipo azidzatchula dzina lake pabwalo pano, tonse tikumva."

Titabwerera kuuna azakhali adandiyang'anitsitsa.

"Masaya ako akula, mwananga."

"Ndikunenepa, azakhali."

"Kunenepa kwake kwa masaya okha?"

Iwo adandiikira chakudya monga mwa masiku onse, n'kundisankhira mbatata yaikulu. Akadandilasa ndi munga bwenzi zitandipepukira. Mbatata ija ndidadya, ndipo kutacha ndidapitanso kwa a Njiri.

Chaka chachitatu ndidawapeza a Njiri atakhala pansi, makutu ali lende.

"Atitsekera ponse," adatero. "Mtedza wanga wapita pachabe."

"Latsala khomo limodzi, bwana, limene lamulo silingatseke."

"Khomo la yani?"

"La maliro."

Chaka chimenecho kudagwa chifuwa choipa, ndipo maliro ankachitika pafupipafupi. Inu mukudziwa mwambo wathu: wobwera pasiwa amabwera ndi chipepeso, ndipo asadanyamule maliro wina amaimirira n'kulengeza kuti uje wapereka chakuti. Ndi mwambo wabwino. Udaikidwa kuti anamfedwa asagone ndi njala ndiponso adziwe kuti sali okha. Ine ndidauona ngati khomo losatseka.

Wolengeza ankayamba: "A Timba, mapira kadzanja kamodzi. Mayi Nungu, mbatata ziwiri. A Mbawala, chalimbana madengu atatu." Pamenepo pasiwa ponse pankamveka kung'ung'udza, ngakhale olira ankayamba apumira kaye kuti amve bwino.

Ndidamuphunzitsa Mbawala kuweramitsa mutu ndi kusisima. Misozi ikakana, tinkapaka tsabola pang'ono. Pa maliro a mkazi wa Gwape adalira mpaka kugwa pansi, amayi n'kumamugwirizira. Atadzuka adandinong'oneza.

"Kodi wamwalirayu ndani?"

"Khala chete, uzingolira."

Azakhali pa maliro aliwonse ankakhala masiku atatu, kutunga madzi, kusesa, kugona ndi anamfedwa. Mbawala ankachoka akangomaliza kulengeza. Koma madzi otunga salengezedwa. Chimene nyama zinkakamba pobwerera adali madengu atatu aja.

A Nang'omba adandiitana pambali.

"Iwe Bwampini, chalimbana ameneyu akuchokera kuti?"

"Ndi chipepeso, wolemekezeka."

"Ndikufunsa kumene akuchokera."

"Kuchokera mumtima, wolemekezeka. M'nsengwa sadalowemo, ndiye lamulo lanu silikumukhudza. Koma ngati mwaletsa kupepesa maliro, kalengezeni pabwalo, anamfedwa amve kuchokera pakamwa panu kuti azigona ndi njala."

A Nang'omba adandilola kupita. Ine ndidachoka ndikudzitama mumtima.

Tsiku losankha ndidabwera pabwalo masaya ali tho, poti padatsala ena okayikakayika ofunika kuwalavulira kanthu mobisa. Azakhali adayambitsa nyimbo. Ovomera adali owerengeka, mawu awo ngati a odwala. Azakhali adaimitsa nyimbo n'kutembenukira kwa ine.

"Bwampini, mwananga, iwe uja udali ndi liwu labwino. Tavomera, anzako atsatire."

Kuyasama sindikadatha. Ndidagwira tsaya n'kubuula. Adandipulumutsa ndi a Njiri.

"Msiyeni mwanayo, mayi, akudwala matsagwidi. Simukuona mmene atupira masaya?"

Nyama zidaseka. Ine ndidagwedeza mutu, n'kubuulanso kuti zimveke zoona.

Azakhali ankadziwa. Adandilera ndi iwo, ankadziwa chifuwa changa chenicheni ndi chonamizira. Akadangonena mawu amodzi, a Nang'omba akadanditsegula kukamwa pamaso pa onse, chalimbana n'kukhuthuka, chitsime n'kupulumuka. Komanso ankadziwa chimene nyama za masiku amenewo zikadandichita, poti manyazi adali akadalipo. Adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Pepa, mwananga," adatero. "Uchire."

Mzere wa Mbawala udatalika mpaka kukhota. Azakhali adapereka mpando, n'kunyamula nsengwa yawo kubwerera kuuna.

Mawa lake dzuwa lili paliwombo a Njiri adalowa m'chitsime, iwo, akazi awo ndi ana awo asanu ndi mmodzi. Adagubuduka mpaka madzi kusanduka phala. Gwape adapita kwa kapitawo watsopano.

"Bwana kapitawo, madzi ada. Ana anga amasiye amwa chiyani?"

Mbawala adamwetulira. Gwape adabwereza funso, Mbawala n'kumwetulira kwambiri. Sindingamunene, poti ndi zokhazo zimene ndidamuphunzitsa. A Njiri adatulutsa mutu m'matope.

"Iwe Gwape, pa maliro a mkazi wako udadya za yani?"

Gwape adayang'ana pansi, n'kutunga matope omwewo kupita nawo kwa ana. Apo m'pamene ndidakumbukira mawu a azakhali a wodya zake za wina. Koma dengu langa la chaka ndidakalandira ndithu. Ndikunena zonse, poti ndayamba kale.

Chaka chachinayi azakhali adatenganso nsengwa. Maso adali atayamba kuchita khungu chifukwa cha ukalamba, m'mimba namonso simudawakhalire bwino chiyambire madzi amatope. Ndidawaletsa.

"Azakhali, pumani. Zinthu zidasintha."

"Adazisintha ndani, mwananga?"

Adatuluka. Ine ndinkawatsata chapatali, masaya odzaza, poti ndidali ndikadali pa ntchito ya a Njiri. Pakhomo loyamba mwini khomo adasuzumira m'nsengwa.

"Mwatitengera chiyani, mayi?"

"Ndabwera kudzamva madandaulo anu."

"Madandaulo sadyedwa, mayi. Pitani bwino."

Khomo lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi. Mbewa zina zidachita kuwaseka kuti gogoyu wayamba kupemphetsa. Masiku asanu ndi awiri m'nsengwa mudagwa suku limodzi lokha. Adaponya ndi Gwape, mothamanga, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Azakhali adasunga mwambo. Sadadye china chilichonse koma suku limenelo. Pobwerera minga inkathothoka yokha m'njira, ine n'kumaidumpha.

Tsiku losankha kapitawo Mbawala adauzidwa kuti ayambitse nyimbo. Adamwetulira, poti sankaidziwa. A Nang'omba adapempha azakhali. Azakhali adayambitsa. Atafika povomera adadikira. Palibe adavomera. Adayambanso kachiwiri, n'kudikiranso. Zii. Ena ankayang'ana kumene kudakhala a Njiri, ena ankayang'ana masaya anga.

Adayamba kachitatu. Sindinganame kuti ndidaganiza bwino n'kusankha chilungamo. Ndidangoona nkhalamba imene idanditafunira chakudya ndili wopanda mano itaima yokha pakati pa bwalo, ikudikira. Kukamwa kudatseguka kokha. Liwu lalitali lija lidatuluka, ndipo limodzi nalo chalimbana yense adakhuthuka, mbwee pabwalo ponse.

Nditayamba, ndidati ndimalize.

"Mtedza uwu ndi wa a Njiri. Wa mbewa uja udali wawo. Wa pamaliro uja udali wawo. Wonyamula ndidali ine. Matsagwidi sindidadwalepo chibadwire."

Ndidatsinzina kudikira zibakera. Ndinkati andimenya, andipirikitsa, kenaka akaima kumbuyo kwa azakhali monga kale. Palibe adandikhudza. Nditatsegula maso ndidapeza nyama zonse zili pansi, zikulimbirana mtedza. Njati amene ankakoka liwu lapansi uja adali chogwada, akukankha mbewa ndi mphuno. Mawu anga palibe adawamva. Ndidaziphunzitsa bwino kwambiri.

A Nang'omba adakweza mutu kuti awerenge. Kumbuyo kwa azakhali kudali ine ndekha. Kumbuyo kwa Mbawala kudali a Njiri okha. A Njiri sadakwiye n'komwe. Adangolankhula mofatsa ngati akuitana ana.

"Wapansiyo ndi wolawa chabe. Wambiri ali kunkhokwe. Oima kuno adya."

Fumbi lidachita kobo. Gwape adatsalira pakati, kuyang'ana azakhali, kuyang'ana ana ake, n'kupita kumene kudapita anzake. Sindimuweruza. Woyamba kumubwezera suku lake ndidali ine.

A Nang'omba adaika lamulo linanso, loti tsiku losankha aliyense aziyasama pamaso pa woweruza, ndipo chipepeso cha ofuna mpando chisamalengezedwe. Lidali lamulo labwino kuposa onse. Lidangobwera chitsime chitatha. Chaka chimenecho chidasanduka chithaphwi, chaka chinacho n'kuuma mpaka kung'aluka. A Njiri adapasula nkhokwe zawo n'kusamukira kudera lina kumene kudali chitsime chabwino. Adamutenga Mbawala. Ine sadanditsanzike. Ndidamva kuti kumeneko adapezako bwampini wina.

Tsopano nyama za kwathu zimakamwa kutali, ulendo wonyamuka m'mawa kubwera dzuwa litapendeka. Aliyense amapita payekha. Kapitawo kulibe, poti kulibe choyang'anira. Achinyamata ukawauza kuti kale wofuna mpando ankabwera chimanjamanja kudzadya zako ndi kumva zako, amati agogo mwayamba kubwebweta.

Azakhali adachita khungu, ndipo ulendowo sangauthe. Ndimapita ndine. Manja angawa ndi aafupi, chikho chodzaza sindingafike nacho. Ndiye ndimatunga m'masaya, mbali zonse ziwiri, n'kubwerera nditatseka pakamwa. Ludzu limandigwira m'njira madzi ali m'kamwa, koma sindimeza. Ondiona amaseka, amati matsagwidi aja sadathebe. Sindiwayankha, poti nditati ndiyankhe madzi atayika.

Azakhali amadziwa mapazi anga. Akangondimva ndikulowa kuuna amayambitsa nyimbo ya chitsime, pansi pa nsengwa yawo imene idapachikika pamenepo mpaka lero. Akafika povomera amadikira, monga adadikirira pabwalo paja. Ine ndimakhala madzi ali m'kamwa. Ndimayamba ndakhuthulira m'chikho, kusamala kuti dontho lisagwe pansi, kenaka n'kuyasama kukamwa konse, n'kukoka liwu lija ndekhandekha, popanda Njati pansi, popanda Timba pamwamba.

"Wachedwa, mwananga," amatero tsiku lililonse.

"Ndachedwa, azakhali."

Amafufuza chikho ndi manja, n'kumwa pang'onopang'ono. Samaliza onse. Amasiyako pansi pake, oyera bwino, n'kundikankhira.

"Imwa. Wam'mbuyo ndiwe."

Nthano yanga yaumira pamenepa. Amene yamupatsa ludzu akamwe, koma asavundule.